Kodi Mumadziwa? Kholo Likagona ku ICU Atalichita Opaleshoni ya Ubongo

Mayi kapena bambo akatuluka ku fiyeta mutu uli m'bandeji, machubu ali mbwee, ana amangoti kakasi pakhomo la chipinda cha odwala mwakayakaya (ICU). Nazi zoti mudziwe pamene mukudikira.

Kodi mumadziwa kuti ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 1.4, koma umagwiritsa ntchito gawo limodzi mwa magawo asanu a okosijeni yense amene thupi limafuna? N'chifukwa chake anamwino sachotsa diso pa makina oonetsa mpweya ndi kuthamanga kwa magazi.

Kodi mumadziwa kuti ubongo umatupa kwambiri pa tsiku lachiwiri ndi lachitatu? Mwendo ukatupa khungu limatanuka, koma chigaza sichitanuka. Mukapeza kumutu kwa bedi atakukweza madigiri 30, musakutsitse poganiza kuti mukuwagoneka bwino amayi. Kutupako kukanyanya, madokotala amachotsa chidutswa cha fupa la mutu n'kuchisunga mufiriji kapena pansi pa khungu la pamimba pa wodwalayo, n'kudzachibwezera pakapita masabata kapena miyezi.

Kodi mumadziwa kuti namwino akamaunika ndi tochi m'maso mwa bambo anu usiku n'kumati, "Bambo, finyani dzanja langa," sakuwavutitsa? Akuwapatsa malikisi. Njirayi, yotchedwa Glasgow Coma Scale, inayambitsidwa mu 1974 ndi Graham Teasdale ndi Bryan Jennett ku Scotland. Imayesa kutsegula maso, kulankhula ndi kusuntha thupi, ndipo malikisi ake amayambira pa 3 kulekezera pa 15. Choncho m'mawa musangofunsa kuti "Agona bwanji?" Funsaninso kuti, "Lero ali pa zingati?"

Kodi mumadziwa kuti chisamaliro cha ku ICU chinayamba ndi manja a anthu? Mu 1952 mliri wa poliyo utabuka ku Copenhagen, makina othandiza kupuma anachepa. Potsatira nzeru ya dokotala Bjørn Ibsen, ophunzira zaudokotala mazanamazana ankasinthana usana ndi usiku kufinya timatumba ta mphira topopera mpweya m'mapapo a odwala. Chaka chotsatira Ibsen anatsegula chipinda chapadera cha odwala mwakayakaya.

Kodi mumadziwa kuti munthu amene sakuyankha angathe kumamva? Mu 2006 Adrian Owen ndi anzake ku Cambridge anauza mtsikana wina wa zaka 23, amene sankayankha chilichonse atavulala mutu, kuti ayerekeze akusewera tenisi. Makina ojambula ubongo anasonyeza kuti wamva ndipo akuchitadi zimenezo m'maganizo. Si odwala onse amene amamva, komabe za chuma cha masiye kapena ngongole musakambire pambali pa bedi. Nenani dzina lanu, auzeni za zidzukulu.

Kodi mumadziwa kuti phala lobwera ndi chikondi lingathe kupha? Opaleshoni ya ubongo nthawi zina imasokoneza kumeza, ndipo chakudya chikalowa m'mapapo chimayambitsa chibayo. Ngakhale milomo iume bwanji, madzi kapena thobwa zidikire kaye mawu a namwino.

Kodi mumadziwa kuti kholo likatsitsimuka lingathe kubwebweta, kuzula machubu, ngakhale kutukwana mwana wake? Si misala ndipo palibe wawalodza. Ndi kusokonezeka kobwera ndi mankhwala, kusowa tulo ndi matenda, ndipo kawirikawiri kumatha. Apatseni magalasi awo, muziwakumbutsa modekha tsiku ndi malo amene ali.

Kodi mumadziwa kuti m'zipatala za ku Denmark, Sweden ndi Norway anamwino ndi achibale amalemba m'kabuku zochitika za tsiku lililonse, kuti wodwala adzadziwe za masiku amene sakuwakumbukira? Kope la ana asukulu ndi lokwanira. Lembani: "Lachinayi, amayi anatsegula maso atamva mawu a achemwali."

Kodi mumadziwa kuti odikirira odwala nawonso amadwala nkhawa ndi kusowa tulo, ena kwa miyezi? Mutu umodzi susenza denga. Sankhani mmodzi wolankhula ndi madokotala, wina woyankha mafoni a achibale, ndipo muzisinthana pogona kuchipatala. Tsiku limene kholo lidzatuluke, padzafunika anthu amphamvu olisambitsa, kulitembenuza ndi kuliphunzitsanso kuyenda.