Malonda a ndudu za cigar: phindu lagona pa kasungidwe

Mlimi wa ku Kasungu kapena ku Dowa amadziwa kuti fodya akauma kwambiri amaphwanyika m'manja, ndipo akanyowa amachita nkhungu n'kubwezedwa ku okushoni. Lamulo lomweli ndi limene limayendetsa malonda a ndudu zikuluzikulu zotchedwa cigar, zomwe imodzi yokha imadula kuposa mapaketi angapo a ndudu wamba. Wamalonda amene akuganiza zoperekera katunduyu m'mabala apamwamba ndi m'malo ogona alendo ayenera kudziwiratu kuti mpamba wake wonse ukhoza kuwonongekera m'bokosi asanagulitse ndi imodzi yomwe.

Cigar imasiyana ndi ndudu wamba kapena chingambwe chifukwa ilibe pepala. Yonse ndi masamba a fodya okhaokha: masamba am'kati, tsamba lomangira, ndi tsamba losalala lokutira kunja. Zapamwamba zimapichiridwa pamanja. Fodya wake wotchuka kwambiri amalimidwa ku Vuelta Abajo, m'chigawo cha Pinar del Río ku Cuba, ndipo mayiko a Dominican Republic, Nicaragua ndi Honduras nawo ndi akatakwe pa ntchitoyi. Mu Africa muno, dziko la Cameroon limadziwika ndi tsamba lokutira, pomwe makampani a Bongani ku Maputo ndi Mosi-oa-Tunya ku Harare amapichira ndudu zawo pafupi pompa.

Masamba akathyoledwa amayanikidwa m'zigafa monga momwe amachitira ndi fodya wa bale kuno. Akauma amaunjikidwa milu kuti atenthane okha, ndipo ukali ndi fungo loyabwa pakhosi zimatuluka pang'onopang'ono. Kenaka amasungidwa m'mabelo, ena mpaka zaka zingapo. Nthawi yonseyi ndi imene wogula amalipira.

Ngakhale itapichiridwa, cigar imapitiriza kukhwima. Yatsopano nthawi zina imaluma pakhosi, koma ikagona miyezi kapena zaka pamalo oyenera kakomedwe kake kamafewa. N'chifukwa chake pansi pa bokosi lililonse lochokera ku Cuba amadindapo mwezi ndi chaka chomwe linapakiridwa, ndipo ogula odziwa amayamba atembenuza bokosi asanafunse mtengo.

Malo oyenerawo ndi a chinyezi cha pakati pa 65 ndi 70 peresenti, ndi kutentha kwa madigiri 18 mpaka 21. Nyengo ya kuno siyithandiza. Dzuwa la mu Okutobala ku Salima kapena ku Mangochi limapitirira madigiri 30, ndipo cigar youma imang'ambika khungu n'kumapsa msanga ngati udzu. M'dzinja chinyezi chimachuluka, nduduyo imafufuma, utsi sutuluka bwino ndipo nkhungu imalowa. Kutentha kumaswetsanso mazira a kachilombo ka fodya kofanana ndi nankafumbwe, komwe kamaboola timabowo ndipo kakhoza kumaliza bokosi lonse la ndudu 25.

Ogulitsa akuluakulu amasunga katunduyu m'bokosi lapadera lotchedwa humidor, lomwe m'kati mwake muli thabwa la Spanish cedar. Woyamba kumene angagwiritse ntchito kontena ya pulasitiki yotsekeka bwino, kapaketi kosunga chinyezi monga ka Boveda, ndi kachipangizo koyezera chinyezi. Kontenayo ikhale m'chipinda chozizira, kutali ndi denga la malata. Furiji si malo ake chifukwa imaumitsa. Fodya amakokanso fungo, choncho sayenera kuyandikana ndi sopo, parafini kapena usipa.

Ngozi ina ndi katundu wachinyengo. Dzina lomwe akuba amalikonda ndi Cohiba, yomwe inayamba mu 1966 ngati ndudu ya Fidel Castro ndipo inalowa pamsika mu 1982. Mu 2022 kampani ya Habanos, yomwe imagulitsa ndudu za Cuba kunja, inakweza kwambiri mtengo wa Cohiba, choncho munthu wobwera nayo pamtengo wozizira ndi wofunika kumukayikira. Bokosi lenileni limakhala ndi chidindo chobiriwira cha boma la Cuba chokhala ndi nambala yoti n'kuyifufuza pa intaneti, ndipo ndudu zonse m'katimo zimafanana kukula ndi mtundu.

Wogulitsa ayeneranso kudziwa momwe kasitomala amasangalalira nayo. Amadula kansonga ka mbali yotsekeka, n'kuyatsa mbali inayo mofatsa ndi machesi kapena laita ya gasi. Utsi sumezedwa, umangozungulira m'kamwa n'kutulutsidwa. Kukoka pafupipafupi kumaitenthetsa mpaka kuwawa, ndiye odziwa amakoka kamodzi pa mphindi. Ya msinkhu wa robusto, yotalika pafupifupi masentimita 12, imatenga mphindi 45 mpaka ola limodzi, ndipo kakomedwe kake kamanka kakula moto ukamayandikira kumapeto. Ena amamvamo khofi, ena tsabola, ena mtengo wouma.

Kwa mwini bala, ola limenelo ndi ndalama, popeza kasitomala sakhala chopanda tambula m'manja. Mfundo yake ndi yoti chakumwa ndi ndudu zilingane mphamvu. Yopepuka, ya khungu lofiirira pang'ono, imayenda ndi khofi wothira mkaka kapena tiyi wa ku Thyolo. Yamphamvu, monga zambiri za ku Nicaragua, imafuna rum wokhalitsa, whisky, brandy kapena khofi wakuda wa Mzuzu. Ku Cuba komweko rum ndi khofi ndiye anzake a tsiku ndi tsiku. Madzi akumwa akhale pafupi otsukira m'kamwa.

Msika wa katunduyu ndi waung'ono, choncho nzeru ndi kupeza kaye ogula, kuoda zochepa, ndi kusunga malisiti a msonkho wa pachipata. Wogulitsa asanamizenso anthu kuti cigar ndi yabwinoko pa thanzi. Ngakhale utsi sumezedwa, imayambitsa khansa ya m'kamwa ndi pakhosi, ndipo si katundu wogulitsa kwa ana. Amene sangakwanitse kugula chosungiramo ndi choyezera chinyezi ndi bwino ayambe wadikira, chifukwa cigar yong'ambika kapena yobooka palibe amaigula ngakhale pa theka la mtengo.