Madzi Akamatha mu Rediyeta ya Thirakitala

Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala, thirakitala igwira nchito kuyambira m'mamawa kufikira madzulo, ndipo ndi nthawi imeneyi pamene ambiri aona kuti madzi a mu rediyeta acepa tsiku ndi tsiku. Ena angothiramo ena n'kupitiriza kulima, ena athamangira kumasula mutu wa injini. Njira zonse ziwiri ziononga ndalama. Madzi otayika apita kunja kapena m'kati mwa injini, ndipo tiyenera kudziwa kumene apita tisanagwire sipanala. Citsanzo cathu ndi Massey Ferguson 135 ya injini ya dizilo ya Perkins ya masilinda 3, yomwe inayamba kupangidwa mu 1964.

Poyamba titsimikize kuti madzi atayikadi. Madzi akatentha afufuma, conco rediyeta yodzazidwa mpaka kukamwa itaya ena kudzera m'kapaipi ka pambali. Tiyeze m'mawa uliwonse injini ili yozizira. Ngati madzi atsika pang'ono n'kukhazikika pamenepo, palibe vuto. Ngati atsikabe, tione civundikiro: mphira wake ukang'ambika kapena sipuling'i yake ikafooka, madzi awira msanga n'kutayika. Mankhusu ndi fumbi zotseka timipata ta rediyeta ziwiritsanso madzi.

Kenaka tifufuze kunja. Titsuke injini, tiimike thirakitala pamalo ouma, tiyale katoni pansi pake usiku wonse. Tipende mapaipi a mphira ndi zomangira zake, rediyeta yeniyeni, pampu ya madzi, ndi tizitsekero tacitsulo ta m'mbali mwa injini, timene dzimbiri litiboola. Madzi odontha pa citsulo cotentha auma msanga, koma asiya mzere woyera kapena wadzimbiri. Injini ili yozima, tigwedeze fani ndi dzanja. Ikagwedera, pampu yatha.

Kunja kukakhala kouma, tiyang'ane m'kati. Oilo wooneka ngati tiyi wamkaka, kapena wokwera pa kamtengo koyezera popanda woonjezerapo, asonyeza kuti madzi alowamo. Thirakitala ikagona usiku, timasule pang'ono boti yotulutsira oilo: madzi alemera kuposa oilo, conco ngati alimo ayamba ndiwo kudontha. Kathovu kocepa pa civundikiro ca oilo m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi kangakhale cinyezi cabe.

Tingacotsenso civundikiro ca rediyeta injini ili yozizira, n'kuiliza. Thovu lotumphuka kosalekeza litiuza kuti mpweya wa m'silinda ulowa m'madzi, kawirikawiri cifukwa gasiketi ya mutu yapsa kapena mutuwo wang'aluka. Utsi woyera wosatha ngakhale injini itatentha ndi umboni wina. Koma utsi woyera wa m'mawa wonunkha dizilo ndi wolasa m'maso ndi mafuta osapsa bwino. Pokayika, makaniko ali ndi pampu yopopera mpweya mu rediyeta. Muvi wake ukatsika kunja kuli kouma, madzi apita m'kati.

Madzi akapezeka mu oilo, thirakitala iime pomwepo. Oilo wotere sateteza mabering'i, ndipo nchito ya gasiketi imodzi isanduka yokonza injini yonse. Madzi odzaza pamwamba pa pisitoni sapanikizika, ndipo angapinde mkono wa pisitoniyo poliza injini.

Tisatsegule civundikiro injini ili yotentha, pakuti nthunzi itentha nkhope ndi manja. Ndipo tisathire madzi ozizira m'injini yowira, mutu ungang'aluke. Tikakonza, tithire madzi a mvula osefa bwino pamodzi ndi mankhwala a mu rediyeta oletsa dzimbiri, cifukwa madzi a m'zitsime zambiri ali ndi laimu wotseka njira za madzi. Mankhwalawo ndi poizoni, asungidwe kutali ndi ana ndi ziweto. Kupenda konseku ticite mu Okutobala, mvula isanagwe.