Kairos: Mau a Agriki Onena Nthawi Yoyenera

Acikumbe anzathu, munthu akabzala cimanga lero, mvula nigwa bwino m'mawa mwace, timati ali ndi mphumi. Mwezi uno tifuna kukufotokozerani mau ena ocokera kutali amene anena za cinthu comweci, kuti tione ngati mphumi yotere imangomgwera munthu ali cikhalire. Mauwo ndiwo kairos, a m'cinenero ca Agriki.

Agriki akale anali ndi mau awiri onena nthawi. Oyamba ndiwo chronos, ndiyo nthawi yowerengeka, monga masiku, miyezi ndi zaka, imene ipita cimodzimodzi kwa anthu onse. Aciwiri ndiwo kairos, ndiko kanthawi koyenera kucita cinthu, kamene kafika nikapitirira msanga. Mwezi wa Disembala uli ndi masiku 31 caka ciri conse. Imeneyo ndi chronos. Koma masiku amene nthaka yanyowa bwino ndi kuyenera mbeu ngocepa. Amenewo ndiwo kairos.

Poyamba mauwa sanali kunena nthawi ai. M'ndakatulo ya Homer ya nkhondo ya ku Troy, mau a mtundu womwewu anena malo a pathupi pamene mubvi kapena mkondo ukalasa, munthu sapulumuka. Pafupi ndi caka ca 700 Kristu asanabadwe, mlimi wina dzina lace Hesiod, wa m'mudzi wa Ascra, analembera mbale wace Perses malangizo a ulimi. Iye anachula kairos pocenjeza munthu wosenzetsa ngolo katundu wambiri, kufikira mtengo wogwira magudumu uthyoka ndi katundu yense naonongeka. Pamenepo mauwo anatanthauza muyeso woyenera. Tsono kucokera pa malo oyenera ndi muyeso woyenera, anthu anayamba kunena mauwo za nthawi yoyenera.

M'zaka za m'ma 300 Kristu asanabadwe, mmisiri wochuka dzina lace Lysippos anapanga fano la mkuwa la Kairos. Anampanga ngati mnyamata wothamanga, wokhala ndi mapiko kumapazi. Pamphumi pace panali tsitsi lalitali, koma kunkhongo kunali dazi. Tanthauzo lace ndi ili: pamene alikudza mukhoza kumgwira tsitsi, koma akangokupitirirani mulibenso pomgwira. Fanolo linatayika kalekale. Tilidziwa cifukwa ca alembi akale amene analifotokoza, ndi cifukwa ca zosema za pamiyala zolitsanza, monga cimene cisungidwa ku Trogir m'dziko la Croatia.

Nzokondweretsa kuti ifenso ticha mwai ndi dzina la mphumi, ciwalo cimene citsogola munthu poyenda. Ndipo Agriki a makono akafuna kunena za dzuwa, mphepo ndi mvula, anena mau omwewa a kairos, monga ife tinena nyengo, pa nthawi ndi pa za kumwamba pomwe.

Nanga mlimi amgwira bwanji mnyamata uja? Coyamba, amzindikire. Mvula ya cizimalupsa, imene imagwa kawirikawiri mu Okotobala, inyowetsa pamwamba pokha. Wobzala nayo aona mbeu zace zitamera, kenaka nizipserera ndi dzuwa, ndipo ataya mbeu ndi mphamvu zomwe. Mvula yobzalira ndiyo imene yalowa pansi, kotero kuti mukakumba pamzere ndi khasu mupeza cinyontho kufikira kunsi.

Caciwiri, akhale wokonzeka. Mvula yeniyeni ikagwa, amene anagalauza mizere yace m'cilimwe, nathira manyowa, nasankhiratu mbeu, angotenga khasu ndi kubzala, ndipo atsiriza masiku awiri kapena atatu. Mnzace amene mvula yampeza asanasose ayamba kulima tsiku lomwelo. Pamene adzatsiriza, papita masabata atatu, udzu wakula, ndi cimanga cace cidzakhala conyozoloka kufikira masika. Onse awiri analandira mvula imodzimodzi, koma nkhokwe zao sizidzalingana. Pamudzi adzati woyambayo ali ndi mphumi, osakumbuka thukuta lace la mu Seputembala.

Ndi fodya ziri comweco. Mbande zikhala pa nazale monga miyezi iwiri zisanafike pookera. Mukacedwa kufesa, mvula idzapeza mbande ziri zanthete. Mukafulumira kwambiri, zidzakula mopitirira ndi kubvuta kugwira m'munda. Cifukwa cace mlimi wanzeru awerenga cobwerera m'mbuyo, kuyambira pa nthawi imene mvula imayamba kwao, nafesa molingana ndi nthawiyo.

Palibe mmodzi wa ife angathe kuitana mvula kapena kuicedwetsa. Cimene tingathe ndico kuti itipeze titatha nchito yonse imene siifuna mvula. Cotero, abale, yenderani minda yanu sabata lino. Ngati mizere isanathe, itsirizeni; ngati mbeu ziri m'nkhokwe, zisankheni ndi kuzitonola; ngati mpini wa khasu uli wosweka, semani wina. Mitambo ikayamba kuda, pasakhale cina cotsala koma kubzala.