THABWA LOPANDA CIPHASO NDI MLANDU

Akalipentala a mu komboni ya Malota mu Livingstone amadziwa kuti citseko ca mukusi cimatha kukhala zaka zambiri osadyedwa ndi ciswe. Koma mtengowu sulinso wambiri ngati kale, ndipo masiku ano aliyense wogula thabwa ayenera kufunsa kumene lacokera.

Livingstone anakula ndi malonda a matabwa. Kampani ya Zambezi Sawmills inayamba mu 1916, ndipo pambuyo pake inamanga njanji yopita ku Mulobezi yonyamulira mukusi. Mitengo yambirimbiri inasanduka zogonekapo njanji. Mukusi umakula pang'onopang'ono, motero malo ambiri amene anadulidwa sanabwerere mwakale.

Ici ndico cifukwa cake Boma linaika malamulo. Lamulo la Nkhalango la mu 2015 likuti mitengo ya m'nkhalango ili m'manja mwa Mtsogoleri wa dziko m'malo mwa anthu onse. Wofuna kudula mitengo yogulitsa ayenera kukhala ndi laisensi, ndipo wonyamula matabwa ayenera kukhala ndi ciphaso cocokera ku Dipatimenti ya Nkhalango. Munthu akapezeka wolakwa, bwalo la milandu lili ndi mphamvu yomulipitsa ndalama kapena kumuika m'ndende, ndiponso kulanda matabwa pamodzi ndi zipangizo zake.

Mu 2017 Boma linaletsa kudula ndi kutumiza kunja mitengo ya mukula, ndipo bungwe la ZAFFICO linapatsidwa nchito yogulitsa mitengo yolandidwa. Mu 2019 mukula unalembedwa pa pangano la maiko la CITES, dziko la Malawi litapempha.

Ku Malawi komweko kunacitika mlandu wophunzitsa. Mu 2016 anthu 35, ena a iwo ocokera kunja, anagwidwa akudula mitengo ya tsanya m'nkhalango ya nyama ya Lengwe. Mu 2017 bwalo la milandu ku Blantyre linawapeza olakwa ndi kuwatumiza kundende, ndipo mathirakitala ao analandidwa.

Anthu a kumidzi asaiwale kuti lamulo lomweli la 2015 limawalola kupanga magulu osamalira nkhalango zao ndi kupindula nazo. Mlendo akabwera ndi ndalama m'manja kufuna mitengo, mfumu ndi anthu ake ayambe aona mapepala ake. Lole ikagwidwa pamseu, amene amayamba kuyankha mlandu ndi dalaivala ndi anyamata odula, pamene mwini ndalama ali kutali.