Windows 10 yatha, nanga mafayilo athu atsala?

Chithandizo cha Windows 10 chinatha pa 14 Okutobala 2025, ndipo m'mashopu okonza makompyuta funso lomwe likumveka ndi limodzi: ndikaika Windows 11, zinthu zanga zitsala?

Ku Limbe, mayi wina wotayipa makalata anabwera ndi laputopu ya kaunjika ataikulunga m'chitenje. Batire linafa kalekale, zilembo zina pa kiyibodi zinafufutika, koma mkatimo munali chuma chake chonse: makalata ofunsira ntchito a makasitomala, mapologalamu a maukwati ndi a maliro, zikalata za malo, ndi zithunzi za ana ake ali akhanda. Mnyamata wokonza sanathamangire kuika kalikonse. Anayamba wakopera zonse mu hadi disiki yapadera, n'kumuuza mayiyo atsegule yekha mafayilo angapo kuti aone ngati akoperekadi. Ntchito yeniyeni anaiyamba atalumikiza makinawo ku inveta, poti magetsi akathima pakati, kompyuta yopanda batire imatha kukana kuyakanso.

Pamene amisiri akusiyana maganizo ndi pa kufomata. Ena amati kompyuta yakale imafunika kuisesa yonse kuti mavairasi ndi zinyalala za zaka zambiri zichoke, iyambe kuthamanga. Anzawo akuti imeneyo ndi njira yachidule yomwe yaliza anthu ambiri, chifukwa Windows 11 imafunsa yokha ngati mukufuna kusunga mafayilo ndi mapulogalamu anu. Imasunganso dongosolo lakale mu foda ya Windows.old, ndipo pa masiku 10 oyamba munthu atha kubwerera komwe anali. Ukafomata, mwayi umenewo palibe.

Mkanganowu umakula chifukwa makina ambiri a kaunjika sakwanitsa zomwe Windows 11 imafuna. RAM ya 4 GB ndi malo a 64 GB ambiri ali nazo, koma amagwa pa TPM 2.0 ndi pulosesa, yomwe kwa Intel iyenera kukhala ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Amisiri ena amalambalala malamulowa, ngakhale makina otero alibe chitsimikizo cholandira zotetezera. Ena amalangiza Linux Mint, yomwe ndi yaulere koma nthawi zambiri imalowa munthu atafomata.

Laputopu ya mayi uja inakana Windows 11, ndipo anabwerera nayo ili momwemo, hadi disiki ili m'chikwama. Musapereke kompyuta yanu kwa mmisiri aliyense musanasunge mafayilo anu pamalo achiwiri.