Ulendo Wogona Panjira: Kuchokera ku Furancungo Kutsikira ku Zambezi

Ife a ku Furancungo ndi a ku Tsangano timakhala kumapiri. Kuno kumazizira, ndipo madzi sasowa. Koma tikatsika kulowera ku Tete, dziko limasintha. Timayamba kuona malambe, miyala ndi mitsinje youma. Mwezi wa Okutobala kutentha kumeneko kumapitirira madigiri 40.

Njira imeneyi si ya lero. Mu 1798 Mpwitikizi wina, Francisco de Lacerda, ananyamuka ku Tete kupita kwa Mfumu Kazembe. Anadwala malungo ndipo anafera komweko chaka chomwecho. Mu 1831 Monteiro ndi Gamitto anayendanso ulendo umenewo, kudutsa dziko la Amaravi. Anthu awo ambiri anafa ndi njala ndi matenda. Mabuku amatchula maina a Azunguwo, koma osenza katundu pamutu, anthu akuda ngati ife, maina awo ambiri sanalembedwe.

Lero kuli galimoto, ndipo pa Zambezi pali milatho. Komabe galimoto imafa pathengo, mvula imadula msewu, ndipo munthu amagona pomwe dzuwa lamulowera. Nchifukwa chake tiyenera kudziwa kagonedwe ka panjira.

Tisananyamuke tikonze kamba: ufa, mchere, nyemba kapena nsomba zouma. Titengenso kamphika, machesi, chikwanje, bulangete ndi neti yoteteza udzudzu. Ena amaseka neti, amati ndi katundu wachabe. Iwowa ndi amene amabwerera kumudzi akunjenjemera. Kuchigwa udzudzu ndi wambiri kuposa kumapiri kuno.

Chachikulu ndi madzi. Chigubu chisakhale chopanda kanthu. Tiyende m'mamawa ndi madzulo, masana tipume pamthunzi. Tikapeza mtsinje wouma, tifukule mchenga pokhota pake, pomwe pamera mabango. Nthawi zambiri madzi amatuluka pang'onopang'ono. Madziwo tiwaphitse tisanamwe, ngakhale aoneke oyera.

Koma mumtsinje woumamo tisagonemo ayi. Mchenga wake ndi wofewa, ndipo munthu wotopa amakopeka nawo. Ngozi yake nayi. Mvula ikhoza kugwa kumapiri kwathu usiku, pamene kuchigwa kukuwala nyenyezi. Madzi onsewo amatsika pamodzi, atasenza mitengo ndi miyala. Wogona mumchenga amamva mkokomo madzi atafika kale. Zimenezi zimachitika kwambiri mvula ikamayamba, mu Novembala ndi Disembala. Tigone pamtunda, kutali ndi gombe.

Ngati pafupi pali mudzi, nkwabwino kukagona kumeneko. Tifike kusanade, tiodire, tipemphe kuonana ndi anyakwawa. Tinene dzina lathu, kumene tachokera ndi kumene tikupita. Mlendo wofika usiku osalonjera amayesedwa mbala.

Ngati mudzi palibe, tisese pogona pathu, tichotse udzu ndi miyala, chifukwa pansi pa miyala pamabisala zinkhanira. Tisonkhe moto, ndipo tizilondera mosinthana. Paja akuluakulu amati kuyenda awiri si mantha. M'mawa tikutumule nsapato tisanavale. Moto tiuzime ndi dothi, tiike dzanja paphulusa kuti timve ngati lazizira. Khala limodzi lotsala likhoza kutentha tchire lonse pamodzi ndi nkhokwe za eni dera.

Tikafika ku Zambezi, ludzu lisatithamangitse kumadzi. Muli ng'ona. Tifunse eni dziko atilozere dooko lomwe iwo amatungapo.