DZINA LA TELALA LIYENDA PA LAMYA TSOPANO

Pa makonde a masitolo ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi pamakhala atelala amene nchito ya manja ao iri yosiririka, koma maina ao sadziwika kupitirira midzi iwiri kapena itatu. Ambiri a iwo amatha tsiku lonse akucepetsa mathalauzi a salaula ndi kuika zigamba, pamene luso lao lenileni la kudula ndi kusoka cobvala catsopano lingogona. Kale munthu wofuna kulengeza malonda ake anayenera kulipira wailesi kapena nyuzipepala, ndipo telala wa makina amodzi sanali kulota nkomwe za ndalama zotere. Lamya ya m'manja yatsitsa mtengo umenewu kufikira pa bandulo ya intaneti.

Bvuto la atelala linakula kucokera mu 1991, pamene Boma latsopano linatsegula malire a malonda ndipo mabelo a zobvala zakale ocokera kunja anasefukira m'misika. Mafakitale a nsalu a m'dziko muno anafooka, ndipo Mulungushi Textiles ya ku Kabwe inaimitsa makina ake mu 2007. Pa mtengo wokha telala sangapambane salaula. Koma belo siliyeza munthu m'ciuno, ndipo silingatulutse madiresi khumi ofanana a operekeza mkwatibwi. Nchito zotere ziri m'manja mwa telala, malinga anthu adziwe kuti iye aliko.

Poyambira pochipa koposa ndi WhatsApp, popeza ndiyo iri kale pa lamya za anthu ambiri. Kuyambira mu 2017 muli malo ochedwa Status, pamene munthu aika cithunzi ndipo cikhalapo maola 24. Pali cinthu cimodzi cimene ambiri sacizindikira: cithunzico cioneka kwa okhao amene anasunga nambala ya mwini wake, nayenso anasunga yao. Cotero telala amene alola kasitomala kucoka osasinthana naye manambala wataya munthu amene akadaona nchito yake mlungu uliwonse popanda kulipira ngwee. Mu 2018 munatuluka WhatsApp Business, yaulere, ndipo mu 2019 anaonjezamo malo oikamo zithunzi za katundu pamodzi ndi mitengo yake. Kubisa mtengo ndi kuuza anthu kuti afunse paseri kuthawitsa amanyazi, amene aopa kufunsa cinthu cimene mwina sangakwanitse.

Nkhani yaikulu iri pa cithunzi. Diresi losokedwa bwino likajambulidwa usiku, litapacikidwa pa msomali pafupi ndi matumba a cimanga, lioneka ngati nsanza. Lomwelo likabvalidwa ndi munthu, litasitidwa, ndi kujambulidwa panja m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, mitundu ya citenje iwala monga iliri. Dzuwa la masana lizimiritsa mitundu ndi kuika mithunzi pa nkhope. Ogula afunanso kuona kumbuyo kwa cobvala, mpendero ndi pamene zipi yalowa, cifukwa ndi m'malo amenewa mmene telala waluso asiyana ndi wophunzira.

Ena aganiza kuti cithunzi cabwino cifuna nyumba ya magalasi ya mu Lusaka. Nkhani ya Mai Margret Chola, agogo a ku 10 Miles kumpoto kwa Lusaka, yatsutsa maganizo otere. Mu 2023 mdzukulu wao Diana Kaumba, amene nchito yake ndi kusankhira anthu zobvala ku New York, anayamba kuwabveka zobvala zamakono ndi kuwajambula pa munda pao. Zithunzizo anaziika pa Instagram pa dzina lakuti Legendary Glamma, ndipo mu 2024 zinafalikira m'maiko ambiri kufikira a BBC analemba nkhani yao. Agogowa si telala ai, ndipo mdzukulu wao ndi katswiri pa nchito yake. Komabe cimene cinakopa anthu akunja cinali zobvala zowala pakati pa minda ndi ziwiya za pamudzi, zinthu zimene telala wa ku Sinda ali nazo kuseri kwa nyumba yake.

Cithunzi cikayamba kuyenda, dzina liyenera kuyenda naco. Anthu atumizirana zithunzi m'magulu a mpingo, a banja ndi a cilimba, ndipo pofika kwa munthu wacisanu palibe adziwa amene anasoka. Ncifukwa cace dzina la malonda ndi nambala ziyenera kulembedwa pa cithunzi penipeni, ndipo dzinalo likhale limodzimodzi pa WhatsApp, pa Facebook, pa TikTok ndi pa cikwangwani ca pa khonde. Kansalu kakang'ono kolembedwa dzina, kosokeredwa m'khosi mwa malaya, kagwira nchito yomweyo kwa zaka zambiri. Amene malonda ao ayamba kukula angalembetse dzina ku bungwe la PACRA, kuti wina asadzalitenge litachuka kale.

Olengeza amphamvu koposa ndiwo obvala. Mai amene wayamikiridwa pa cilanga mulilo cifukwa ca diresi lake adzajambulitsa yekha, ndipo akachula dzina la telala pansi pa cithunzi, anzake akhulupirira mau ake kuposa a mwini malonda. Atelala ena acotserako mtengo pang'ono kwa kasitomala wotere, kapena asokera mtsogoleri wa kwaya cobvala cimodzi caulere, podziwa kuti adzaima pamaso pa anthu Sabata iriyonse. Koma cithunzi ca kasitomala siciikidwa poyera iye asanabvomere, makamaka ca mkazi wa mwini kapena ca mwana wa sukulu. Kamodzi kokha kangathe kuononga cibwenzi ca zaka zambiri.

Nyengo nayo iri ndi mphamvu. Mwambo wa Nc'wala ucitika ku Mtenguleni kumapeto kwa February, ndipo wa Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa August. Anthu ocokera ku Lusaka ndi ku Migodi ayamba kuganiza za zobvala milungu ingapo mwambo usanafike, cotero woonetsa nchito yake mlungu wotsiriza wacedwa. Cimodzimodzi mayunifomu a sukulu aonetsedwa mu December, ndipo zobvala za maukwati pambuyo pa kukolola, ndalama za mbeu zikalowa m'midzi.

Facebook imaitana eni masamba kuti alipireko kuti cithunzi cifike kwa anthu ambiri. Njirayi igwira nchito, koma wosasankha bwino dera angalipire kuti aonedwe ndi anthu akutali amene sadzagula konse. Kwa woyamba kumene, magulu a malonda a m'tauni yakwao ndi aulere ndipo ali ndi ogula enieni.

Coipa cimene cafala ndico kutenga zithunzi za osoka a ku Nigeria kapena Ghana ndi kuziika ngati nchito ya mwini. Makasitomala abwera msanga, koma cobvala cikatuluka cosiyana, wokhumudwayo aika zithunzi ziwirizo pamodzi kuti dziko liseke, ndipo lamya yomwe inakweza dzina iligwetsa tsiku limodzi. Ndiponso anthu ambiri anaberedwapo ndalama pa lamya, motero aopa kutumiza cikole kwa munthu amene sanamuonepo. Telala aonetse nkhope yake ali pa makina, achule msika umene apezeka, ndipo nambala yolandirirapo ndalama ya Airtel, MTN kapena Zamtel itulutse dzina limene wogula alidziwa. Katundu akaperekedwa ku basi ya ku Lusaka, cithunzi ca phukusi ndi ca risiti zitumizidwe kwa mwini wake basiyo isananyamuke.